Nsomba ya Lupanga Imene Tidaibwezera M'madzi

Awerengi athu a m'mbali mwa nyanja, tiyambe ndi funso. Munthu walipira ndalama zambiri kuti akwere boti, wachezera usiku wonse pamadzi, walimbana ndi nsomba yolemera kuposa iye mwini mpaka manja kutupa, ndiye nsomba ija itafika pambali pa boti iye n'kuimasula kuti izipita. Kodi munthu wotere inu mungamutche dzina lanji? Ku Makanjira, ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota yankho lake ndi limodzi: ameneyo mutu wake sukuyenda bwino. Ifenso tidali kuganiza chomwecho, mpaka tsiku limene tidakaziona ndi maso athu pa nyanja yamchere ya ku Kenya.

MPHATSO YA UKWATI

Tidanyamuka kuno kwathu anthu atatu kupita ku Mombasa, ku ukwati wa mwana wa mnzathu wakalekale amene tidadziwana naye pa malonda. Maina sinditchula, ndingowatchula anzangawo monga timaitanirana. Oyamba ndi Aphunzitsi, amene adapuma ntchito ku Salima, munthu woopa madzi ngakhale adakulira pafupi nawo. Achiwiri ndi Abwana a Chilimira, a ku Nkhotakota, amene adabadwira m'usodzi ndipo ali ndi maboti ndi antchito awoawo pa gombe. Wachitatu ndine.

Ukwati utatha, mwininyumba adati alendo ochokera kutali chotere sangabwerere asadaone nyanja yeniyeni. Adapereka ganizo loti tichite hayala boti la usodzi wa masewera ku Watamu, tikagone usiku umodzi panyanja. Iye adalonjeza kulipira theka, ife atatu n'kusonkherana theka linalo. Kunena zoona mtengo wake tidaumva m'mimba, pakuti ndalama zonse pamodzi kwathu kuno munthu angagulire ng'ombe zingapo. Koma Abwana a Chilimira adati mwayi wotere subwera kawiri, ndipo tidavomera.

Watamu ndi kamzinda ka m'mphepete mwa nyanja yamchere ya India, mtunda wa makilomita oposa 100 kumpoto kwa Mombasa, pafupi ndi mzinda wa Malindi. Anzathu a ku Mangochi asasokonezeke, uyu ndi Malindi wina, mzinda wakale wa Aswahili kumene Vasco da Gama adakocheza zombo zake m'chaka cha 1498. Madzi a pafupi ndi gombe la Watamu adatetezedwa ndi boma la Kenya m'chaka cha 1968, kotero kuti m'kati mwa malo otetezedwawo palibe wololedwa kuponya mbedza kapena ukonde. Ofuna kuwedza amatuluka kunja kwa matanthwe amene amatchinga gombelo, n'kulowera kumadzi akuya.

Monga momwe ife timadziwira nyengo ndi mwera ndi mpoto, anzathu a kumeneko nawonso ali ndi mphepo zawo ziwiri. Ina amaitcha kusi, imene imaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa kuyambira cha mu April mpaka cha mu September, ndipo nthawi imeneyo nyanja imawinduka kawirikawiri. Ina ndi kaskazi, yochokera kumpoto chakum'mawa, imene imaomba cha mu December mpaka March. Nyengo ya kaskazi ndiyo imene nsomba za milomo italiitali zimachuluka. Ife tidafika mu February, nthawi yabwino ndithu.

PANGANO LA PAMTUNDA

Chinthu choyamba kutidabwitsa chidali madzi enieniwo. Madzulo tidaasiya ali pafupi ndi mitengo ya koko, koma m'mamawa tidapeza atathawa kutali, mchenga uli mbee. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ndipo pa gombe la Kenya kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita atatu mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu. Motero boti lathu lidali litaima patali, ndipo tidalipeza pa kaboti kakang'ono.

Woyendetsa boti kumeneko amamutcha nahodha. Wathuyo adali bambo wa imvi, wosalankhula zambiri, ndipo adali ndi anyamata awiri omuthandiza. Tisadakwere adatiimika pamchenga n'kutifotokozera lamulo la boti lake, mwininyumba akumasulira, ngakhale kuti Abwana a Chilimira amamva Chiswahili pang'ono monga achitira akuluakulu ena a ku Nkhotakota. Adati nsomba zodya monga jodari, nguru ndi felusi tidzazisunga, ndipo zidzakhala za boti kupatula zochepa zimene tidzatenge ife. Koma nsomba ya mlomo wautali iliyonse imene ingafike pa boti ili moyo, adzaibaya kachizindikiro ndi kuibwezera m'madzi.

"Mwavomera, akuluakulu?" adafunsa nahodha.

Tonse tidavomera. Abwana a Chilimira adavomera akuseka, kenaka adandinong'oneza kuti, "Achimwene, tiyeni tiyambe taigwira kaye. Zinazo tikaona konko."

M'botimo mudali injini ziwiri, majekete oyandamitsa munthu okwanira tonse, wailesi yolankhulirana ndi kumtunda, makina a GPS osonyeza pamene boti lili, ndiponso makina ena opima kuya kwa madzi. Kumbuyo kudali mpando wokhomereredwa pansi, wokhala ndi malamba, pamene munthu amakhala polimbana ndi nsomba yaikulu. Mbali zonse ziwiri kudali mitengo italiitali yotambasuka ngati nyanga za ng'ombe, ntchito yake kutalikitsa zingwe kuti zisakolane. Ndodo zowedzera zidali ndi magudumu okulungira chingwe, lililonse lokhala ndi mabuleki amene amalola chingwe kutuluka pang'onopang'ono nsomba ikakoka mwamphamvu, kuopa kuti chingaduke.

MWANA WA M'MADZI AGONJA

Tidanyamuka cha m'ma 7 koloko m'mawa kulowera kumpoto chakum'mawa, kumalo otchedwa North Kenya Banks, ulendo wa maola angapo. Kumeneko pansi pa nyanja pamakwera ngati phiri lobisika. Madzi oyenda akagunda phirilo amakankhira chakudya m'mwamba, tinsomba ting'onoting'ono timasonkhana, ndipo zazikulu zimatsatira.

Usiku wa dzulo lake mwininyumba adatigawira mapiritsi oletsa nseru ya paulendo. Aphunzitsi adamwa mosanyinyirika. Abwana a Chilimira adakana, amvekere, "Ine mwana wa m'madzi ndimwe mankhwala a nyanja? Mwera wa mu July ndimaudziwa ine." Komatu mafunde a nyanja yamchere ndi ena. Athu ndi aafupi, amamenya boti pafupipafupi ngati munthu wogogoda chitseko. Akumeneko ndi aatali, amalinyamula boti pang'onopang'ono n'kulitsitsa pang'onopang'ono, osaleka. Gombe litangozimirira, mwana wa m'madzi uja adali atagwira m'mphepete mwa boti, chakudya cha m'mawa chonse atachipereka kwa nsomba. Aphunzitsi, amene adali bwinobwino akudya nthochi, adangoti, "Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula." Abwana sadayankhe, mphamvu zoyankhira padalibe.

Njira yowedzera masana ndi yokoka nyambo kumbuyo boti likuyenda. Anyamata adaponya zingwe zisanu ndi chimodzi, zina za nyambo zapulasitiki zonyezimira, zina za tinsomba tosokerera pa mbedza. Nahodha maso adali kumwamba kufuna mbalame, pakuti pamene mbalame zikugwera m'madzi ndi pamene nsomba zazikulu zikuthamangitsa zazing'ono. Cha m'ma 11 koloko tidapeza gulu la mbalame, ndipo magudumu atatu adalira nthawi imodzi.

Imeneyo idali jodari, nsomba yonenepa ngati mtsuko, ya zipsepse zachikasu. Yanga idanditengera mphindi 20, ndipo tidaipima pambuyo pake n'kupeza makilogalamu 18. Kampango wamkulu ndidamukokapo kwathu, koma jodari ndi wina, amathamangira pansi n'kumazungulira osatopa. Itangokwera m'boti, mnyamata adaicheka kuti magazi atuluke n'kuiika m'bokosi la ayezi, chifukwa thupi la jodari limakhala lofunda kuposa madzi, ndipo mnofu wake umawonongeka msanga ukasiyidwa padzuwa. Masana tidagwiranso felusi awiri, nsomba yokongola ya golide ndi msipu, imene maonekedwe ake amazimirira munthu akuona ikangofa.

CHIFUKWA CHIYANI USIKU?

Dzuwa litalowa tidaswali pamodzi ndi nahodha, iye atatisonyeza kibula ndi kampasi ya boti. Kuchokera pa gombe la Kenya, Maka ali pafupifupi kumpoto kwenikweni, kotero sikudali kovuta. Titadya mpunga ndi nyemba zophikidwa mu mkaka wa koko, anyamata adakulunga zingwe za masana n'kuyamba kukonza za usiku.

Nsomba imene tidagonera panyanja ndi ya lupanga, imene Azungu amati broadbill swordfish. Ndi imodzi mwa mitundu isanu ndi umodzi ya nsomba za milomo italiitali zopezeka m'madzi a Kenya. Mlomo wake wapamwamba ndi wautali, wophwatalala ndi wakuthwa m'mbali ngati lupanga, ndipo umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa nsomba yonse. Ikakula imataya mano ndi mamba. Yaikulu koposa imene idagwidwapo ndi ndodo ndi chingwe, malinga ndi kaundula wa bungwe la International Game Fish Association, idalemera makilogalamu 536, ndipo adaigwira ndi Louis Marron ku Iquique m'dziko la Chile m'chaka cha 1953.

Masana nsomba imeneyi imakhala pansi kwambiri, mamita 500 kapena kuposa, mu mdima ndi kuzizira. Taganizani, nyanja yathu pozama penipeni ndi mamita pafupifupi 700, koma kupyola mamita 250 mulibe mpweya wopumira ndipo simukhala nsomba. Nyanja yamchere ili ndi zamoyo mpaka pansi. Kuti ione bwino m'madzi ozizirawo, nsomba ya lupanga ili ndi maso akuluakulu, ndiponso kamnofu kapadera pafupi ndi maso kamene kamatenthetsa maso ndi ubongo kuposa madzi ozungulira.

Kukada, tizilombo ndi tinsomba tosawerengeka timakwera kuchokera pansi kudzadya pamwamba, ndipo kukamacha timatsikanso. Asodzi athu sangadabwe nazo, pakuti mphutsi za nkhungu m'nyanja yathu zimachita chimodzimodzi. Pamodzi ndi tizilomboto pamakwera kanyama ka miyendo yambiri kotchedwa ngisi, ndipo nsomba ya lupanga imakwera kutsatira ngisi. N'chifukwa chake oifuna amachezera usiku.

Anyamata adasokerera ngisi pa mbedza zazikulu, ndipo pa zina adaikapo mnofu wa pamimba pa jodari. Pamwamba pang'ono pa nyambo iliyonse adamangirira kandodo kapulasitiki kamene akakathyola kamawala kobiriwira usiku wonse popanda batire. Chingwe china adachimiza ndi chitsulo cholemera kuti nyambo idziyenda pansiko. Apa Abwana a Chilimira, amene tsono adali atatsitsimuka ndi tiyi wa jinja, adadzuka n'kuyandikira.

"Iyitu ndi nyali ya usipa," adatero. "Kungoti inu mwaiika m'madzi."

Nahodha adafunsa za usipa, ndipo Abwana adamufotokozera mmene bwato wa nyali umaitanira nsomba mdima ukagwira, ndi mmene maboti awiri amazingira ukonde. Anthu awiriwa adacheza nthawi yaitali, Chiswahili chothyokathyoka ndi manja, aliyense akudabwa ndi luso la mnzake.

KUDIKIRA

Tidagawana nthawi, munthu aliyense ola limodzi pampando, ndipo nsomba ikaluma ndi ya amene ali pampandopo. Boti lidayenda pang'onopang'ono ngati munthu woyenda mofulumira. Mwezi kudalibe. Kumbuyo kwa boti madzi ankang'anima ngati mwagwera nyenyezi, chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso timene timawala tikagwedezeka. Kumtunda sikudaoneke nyali ngakhale imodzi. Aphunzitsi adavala jekete loyandamitsa kuyambira madzulo ndipo sadalivule mpaka m'mawa.

Cha m'ma 11 koloko, nthawi ya mwininyumba, gudumu lidalira pang'ono n'kuleka. Lidaliranso n'kuleka. Tonse tidaimirira mitima ikugunda, koma padalibe china. Mnyamata atakulunga chingwe tidapeza ngisi atadulidwa pakati ngati ndi mpeni. Nahodha adati imeneyo ndiyo, pakuti nsomba ya lupanga imayamba yatema nyambo ndi mlomo wake isadaimeze, ndipo kawirikawiri imatema n'kuchoka. Adaonjeza kuti pakamwa pake ndi pofewa, kotero mbedza imazuka mosavuta, ndipo maboti ambiri amabwerera m'mawa opanda kanthu. Adanena zimenezi mosabisa, ndipo ine mumtima ndidayamba kuwerenga ng'ombe zija.

Ola la 12 lidadutsa, la 1 koloko lidadutsa. Kuzizira kudalowa, mchere udaumira pankhope, nkhani zidatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa usiku wa panyanja, ndalama utalipira kale, n'kowawa.

NKHONDO YA 2 KOLOKO

Abwana a Chilimira adakhala pampando 2 koloko itangokwana. Pasadathe mphindi khumi gudumu la kumanzere lidalira, ndipo ulendo uno silidaleke. Chingwe chidatuluka ngati chakoledwa ku galimoto. Anyamata adathamanga kukulunga zingwe zinazo, wina adamanga Abwana malamba n'kulowetsa ndodo m'chibowo cha mpando, nahodha akufuula malangizo kuchokera pamwamba.

Lamulo la masewerawa ndi lakuti munthu amalimbana ndi nsomba yekha, wina asakhudze ndodo. Njira yake ndi iyi: umakweza ndodo pogwiritsa ntchito miyendo ndi msana, kenaka poitsitsa umakulunga msanga chingwe chimene wapeza. Nsomba ikathamanga umaileka, mabuleki a gudumu ndiwo amaitopetsa. Abwana, amene adazolowera kukoka ukonde ndi manja, adayamba ndi mphamvu zonse, ndipo patatha mphindi 15 mikono idali itauma.

"Mzee, gwiritsani miyendo!" adafuula nahodha. "Manja ndi okulungira basi!"

Kawiri konse nsomba ija idayandikira, ndipo kawiri konse idatembenuka n'kumira, kutenga chingwe chonse chimene Abwana adavutikira. Ulendo wachiwiri adandiyang'ana thukuta lili kamukamu, n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, msana wapita." Ndidawamwetsa madzi. Aphunzitsi adaiwala mantha, adagwira mpando kumbuyo n'kumautembenuza kuti uyang'ane kumene chingwe chalowera, monga adawauzira mnyamata. Nahodha ankabweza boti chammbuyo pang'onopang'ono kuthandiza, mafunde akulowa m'boti kutinyowetsa tonse.

Patatha ola limodzi ndi mphindi 40, tidaona kadontho kobiriwira pansi pa madzi, kakukwera. Kadali kandodo kowala kaja. Pansi pake padaoneka mthunzi wautali, ndipo tochi itaunika tidaiona yonse: msana wofiirira ngati mkuwa, mimba yoyera, diso lalikulu ngati ndimu, ndi lupanga lija likugwedezeka uku ndi uku. Nahodha adatiuza tonse kuti tibwerere m'mbuyo, chifukwa nsomba imeneyi imadziwika kuti imatha kuboola ngakhale thabwa la boti. Mnyamata wovala magolovesi adagwira chingwe chokhuthala cha kumapeto n'kuikokera pambali. Nahodha adaiyerekeza kuti idali ya makilogalamu 90 kapena kuposerapo.

FODYA WA PAMPHUNO

Mnyamata winayo adatenga ndodo ya kachizindikiro. Pamenepo Abwana a Chilimira adadzimasula malamba n'kuimirira, miyendo ikunjenjemera.

"Dikirani kaye! Nyama yonseyi? Mudzi wathunthu ungadye imeneyi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo!"

Padali zii. Nsomba idali pambali pa boti, yotopa, ndipo mphindi iliyonse yochedwa idali kuichotsera moyo. Nahodha adatsika pamwamba paja. Sadakweze mawu.

"Mzee, inu ndinu msodzi mnzanga, sindingakunamizeni. Asodzi a ngalawa kwathu kuno akaigwira amaipha n'kukagulitsa, ndipo sindiwadzudzula, ndi chakudya cha ana awo. Koma ine ndikaipha ndiigulitsa kamodzi. Ikakhala m'madzi, alendo onga inu amabweranso chaka chamawa, anyamata awa n'kulandira malipiro. Jodari ali m'bokosimo ndi wokwanira tonse. Ndipo paja tidapangana pamchenga."

Abwana adayang'ana nsomba, adayang'ana ife. Ine ndidangoti, "Achimwene, mudavomera." Aphunzitsi sadanene kanthu.

Munthu amene moyo wake wonse nsomba ndi ndalama, ndi fizi ya ana, ndi malata a nyumba, kumuuza kuti aitaye si nkhani yamasewera. Ndidaona nkhope yawo ikulimbana. Kenaka adapumira m'mwamba n'kuti, "Ndidavomera pamtunda, sindingasinthe pamadzi. Koma ndiigwire ndi dzanja langa."

Mnyamata adabaya kachizindikiro kapulasitiki, konga kachingwe kokhala ndi nambala, pamsana pafupi ndi chipsepse. Mnzake adagwira lupanga ndi manja awiri n'kuzula mbedza. Nahodha adayendetsa boti pang'onopang'ono kuti madzi adutse m'kamwa mwa nsomba ipezenso mpweya. Abwana adagwada, adatambasula dzanja n'kuisisita pamsana. Patapita mphindi zingapo mchira udayamba kumenya, mnyamata adataya manja, ndipo mthunzi uja udatsetsereka n'kuzimirira mu mdima.

Nambala ya kachizindikiroko, tsiku, malo ndi kukula kwa nsomba zidalembedwa pa khadi lopita ku bungwe la African Billfish Foundation, limene limasunga kaundula wa nsomba zoterezi. Wina akadzaigwiranso, kaya ndi kuti, nambalayo imaulula mtunda umene yayenda ndi mmene yakulira. Nahodha adatiuzanso kuti mwa nsomba za lupanga, zazikulu kwambiri zimakhala zazikazi, ndipo imodzi imaikira mazira mamiliyoni.

Tikumwa tiyi pambuyo pake, Aphunzitsi ndiwo adakumbutsa za kwathu. Adatchula chambo cha m'nyanja ya Malombe, chimene chidatsala pang'ono kutheratu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa chopha mopyola muyeso. Adatchulanso chilumba cha Mbenji kwawo ku Salima, kumene mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amapezako nsomba akatsegulira. Abwana adamvetsera, akusisita mikono, n'kungoti, "Zimenezo ndimazidziwa, Aphunzitsi. Kungoti sindidatayepo yanga."

MBENDERA ZIWIRI

Kutacha, titaswali, tidayamba ulendo wobwerera tikukoka nyambo za masana. Cha m'ma 9 koloko, nthawi ya Aphunzitsi, nsomba ina idalumpha kumbuyo kwa boti itatambasula chipsepse chachikulu cha pamsana ngati thanga la ngalawa. Imeneyi amaitcha sulisuli. Idalumpha kasanu, ikuvina ndi mchira pamwamba pa madzi, Aphunzitsi akukuwa ngati mwana wa sukulu. Itafika pambali pa boti padalibenso mtsutso. Amene adafuula kuti, "Fulumirani anyamata, ingafe!" adali Abwana a Chilimira.

Tidafika ku Watamu cha m'ma 2 koloko masana, boti likuuluzitsa timbendera tiwiri tofiira ta chilembo T, chizindikiro chakuti nsomba ziwiri zabayidwa nambala ndi kumasulidwa. M'bokosi mudali jodari asanu, felusi awiri ndi nguru mmodzi. Ife tidatenga jodari mmodzi ndi felusi mmodzi, zotsalazo zidali za boti monga mwa pangano. Madzulo ake mayi a m'nyumba adatiphikira jodari mu mkaka wa koko ndi bwemba, ndipo mbale zidabwerera zoyera.

KWA OFUNA KUYESA

Amene mungapeze mwayi wotere, mverani malangizo pang'ono. Sankhani nyengo ya kaskazi. Musadalipire, funsani kuti mtengowo ukuphatikiza chiyani, mafuta, chakudya ndi nyambo, ndiponso kuti nsomba zogwidwa zidzakhala za yani, kuti mkangano usadzabuke pamadzi. Onani ndi maso anu majekete oyandamitsa ndi wailesi. Imwani mankhwala a nseru musadakwere, ngakhale mudabadwira m'bwato. Tengani chipewa, chovala cha manja aatali ndi juzi ya usiku. Anyamata a m'boti muwaganizire kangachepe pomaliza, ntchito yawo ndi yaikulu. Ndipo pitani mukudziwa kuti nyanja silonjeza munthu kanthu.

Kwa amayi, mawu amodzi. Nsomba ya lupanga imagulitsidwa m'misika ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo ndi yokoma. Koma popeza imadya nsomba zinzake kwa zaka zambiri, mnofu wake umasunga mekyule wochuluka, ndipo akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono asadye.

Titabwerera kuno kwathu ndidakawachezera Abwana a Chilimira ku Nkhotakota. Ndidawapeza pa gombe, antchito awo atawazinga, akufotokoza za nkhondo ya 2 koloko, manja atatambasula mpaka kumapeto. Mnyamata wina adafunsa kuti, "Nanga nsombayo ili kuti, bwana?" Iwo adatulutsa kabuku kamene amalembamo mabigiri a usipa, adatsegula tsamba lomaliza n'kumuonetsa nambala ija, yolembedwa ndi bolopeni yofiira.

"Ili m'madzi," adatero. "Koma ndi yanga. Nambala yake ndi iyi."